Kuno Kuli Bwino: Amayi Estele Kamwendo ndi Makhadi Awo

Amayi Estele Kamwendo, a mu Chigwirizano cha mpingo wathu wa ku Chipadze, m'tauni ya Bindura, anamwalira Lachiwiri pa 11 Marichi 2025 ali ndi zaka 73, ndipo anaikidwa m'manda Lachinayi sabata yomweyo. Anasiya mdzukulu wawo Ruvarashe, amene ankakhala naye, ndi mwana wamwamuna mmodzi, Justice, amene pa maliro sanaoneke.

Anabadwa mu Ogasiti 1951 pa famu ya fodya kumpoto kwa Bindura. Bambo awo, a Kefasi, anachoka ku Dedza ali mnyamata, atauza achibale kuti akagwira zokolola ziwiri zokha, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Zokolola ziwirizo zinatha, njinga sinagulidwe, ndipo iwo anakalambira pa famu pomwepo. Estele anaphunzira mpaka Sitandade 3 m'shedi yosankhiramo fodya, imene inkasanduka sukulu fodya akatha. Zotsala anazitola m'kalasi ya ubatizo ndi m'Baibulo la amayi awo. Atangodziwa kulumikiza zilembo anayamba kuumiriza bambo awo kuti awalole kuwalembera kalata yopita kwa alongo a bambowo ku Dedza. A Kefasi ankayankha kuti tidikire malipiro. Malipiro akabwera ankati tidikire fodya agulitsidwe, chifukwa munthu amene wakhala ku Halale zaka zonsezi sangatumize pepala lopanda kanthu m'kati. Anamwalira mu 1974 kalatayo isanalembedwe. Mwana wawoyo sanaiwale zimenezi.

Mu 1970 anakwatiwa ndi a Filimoni Kamwendo, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi, ndipo anasamukira ku komboni. Pasanathe chaka, komboni yonse inadziwa kuti mkazi wa Kamwendo ali ndi dzanja labwino. Lamulungu masana, pochokera ku tchalitchi, amuna ankakhala pamzere m'mbali mwa khoma, iwo ali pakhomo ndi thireyi pamiyendo ngati tebulo. Ankawalembera m'Chichewa makalata opita ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndi ku Angonia komwe. Malipiro ankakana. Wowasiyira mazira ankawapeza atawaphikira ana a mnzake.

Ankawerenganso makalata obwera, ndipo ntchito yolemetsa inali imeneyo. Masiku amenewo kwawo sankalemba chifukwa chakuti mvula yagwa bwino. Sitampa inali yodula, wolemba anali kutali, choncho kalata yochokera kumudzi nthawi zambiri inkanyamula maliro. Mwamuna akapatsidwa envelopu ku ofesi ankavula chipewa asanaitsegule, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka pakhomo la Amayi Kamwendo. Iwo ankamukhazika pansi, kumupatsa madzi, ndiyeno n'kuwerenga. Ataona mantha amenewa kambirimbiri, anazindikira kuti amayi okalamba akumudzi nawonso amanjenjemera chimodzimodzi akaona kalata yochokera ku mgodi. Kuyambira pamenepo kalata iliyonse yotuluka m'manja mwawo inkakhala ndi mawu atatu kunja kwa envelopu, pamene ngakhale mwana wa sukulu angawerenge ali panjira: Kuno kuli bwino.

Amuna ambiri anali ngati a Kefasi, osafuna kulemba popanda chotumiza. Amenewa ankawalondola okha kunyumba zawo. Mawu awo amakumbukiridwabe ndi akuluakulu a mpingo uno: "Munthu sachona chifukwa waiwala kwawo. Amachona chifukwa cha manyazi." Ena anawamvera, ndipo alipo amene anayankhidwa ndi achibale omwe anali atawalira kalekale.

Kukhala phee sankakudziwa. A Filimoni ankaseka kuti anakwatira mkazi amene mpando umamuotcha. Pa mapemphero a Chigwirizano ankayamba kumanga mpango wa pakhosi nyimbo yotsekera isanathe, chifukwa m'mutu mwawo munali kale wodwala wina amene sanamuone. Azimayi anzawo ena zinkawanyansa, ndipo kangapo anadzudzulidwa kuti sadikira dalitso. Iwo ankapepesa moona mtima, Lachinayi lotsatira n'kuchitanso zomwezo.

Anabereka ana atatu. Woyamba anamwalira ali wakhanda. A Filimoni anamwalira mu 1996 atavutika nthawi yaitali ndi chifuwa, ndipo nyumba ya ku komboni anaibweza. Anapeza chipinda cha lendi ku Chipadze, n'kuyamba kugulitsa tomato ndi masamba pamsewu. Mu 2001 anaika mwana wawo wamkazi, Jestina, atamudwazika miyezi yambiri. Chaka chomwecho kwa Justice, mwana wotsala yekhayo, kunabadwa Ruvarashe. Mayi wa mwanayo anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo agogo ake anamutenga.

Mu 2008, chaka cha njala ndi ndalama zopanda mphamvu, ntchito ya Justice inaima. Mu Novembala anakwera basi ya ku Joni. Anauza amayi ake kuti akangopeza poima atumiza mawu pamodzi ndi kenakake ka mwana. Iwo anamugwira dzanja pa siteshoni n'kumuuza kuti kenakakeko asakadikire, angotumiza mawuwo. Justice anaimba foni kawiri, pa nambala ya eni nyumba. Chaka chotsatira chisanathe, nambala yake inasiya kulira.

Za Justice sankadandaula pagulu. Koma kuyambira nthawi imeneyo kuyenda kwawo kunawonjezeka. Akamva kuti wina wabwera kuchokera ku Joni, kaya ndi ku Chiwaridzo kaya ku Aerodrome, madera ena a Bindura, ankasiyira mnzawo tomato n'kukwera kombi, minibasi za kuno. Ankafotokoza msinkhu wake, chipsera cha pa nsidze ya kumanzere, ndi chizolowezi chake choimba nyimbo za m'tchalitchi akamagwira ntchito. Anthu ankapukusa mitu mwaulemu. Pobwerera sankalunjika kunyumba. Ankadzera kwa nkhalamba ina iliyonse ya m'njiramo imene ankadziwa kuti ili yokha, ndipo okalamba otere anali ambiri: amasiye a m'migodi, amuna amene kwawo kunawataya ndipo kuno analibe munda, agogo amene ana awo onse anawoloka malire.

Kumapeto kwa Marichi 2020 boma linatseka anthu m'nyumba chifukwa cha mliri wa korona. Matchalitchi anatsekedwa, ndipo okalamba anauzidwa kuti asatuluke. Kwa Amayi Kamwendo imeneyi inali ndende. Ankasesa chipinda chosesedwa kale, kupita pageti, kubwerera, kupitanso. Ruvarashe, amene panthawiyo anali mtsikana wa zaka 19 wopemphera ku mpingo wa Chipentekoste m'tauni, ankangobwereza mawu amodzimodzi m'Chishona chake, "Gogo, garai pasi," koma agogowo pansi sankakhala. Awiriwa ankakhala mwanthabwala. Agogo ankati ku tchalitchi kwa mdzukulu wawo amapemphera ngati Mulungu ndi wogontha, mdzukulu n'kuyankha kuti kwa agogo amaimba ngati akuopa kumudzutsa. Mmodzi ankalankhula Chichewa, wina n'kumayankha m'Chishona, ndipo ankamvana bwinobwino.

Maganizo a makhadi anachokera kwa Ruvarashe. Poona agogo ake akutchula usana wonse maina a anthu amene sangathe kuwayendera, anawauza kuti awalembere, ndipo kuti iye akhoza kupempha achinyamata pa Watsapu ndi pa Fesibuku kuti nawonso alembe. Amayi Kamwendo foni sankaikhulupirira. Ankaitcha kagalasi, ndipo ankati moni wa pa kagalasi amazima batire ikatha. Anafunsa funso limodzi lokha: kodi zimene munthu waika pamenepo zimaoneka mpaka kuti? Mtsikanayo anati kulikonse, ngakhale ku Joni. Agogowo anamutuma akagule bolopeni.

Anadula makatoni a tiyi ndi a sopo, kumata pepala loyera, n'kulemba. Ruvarashe anajambula makhadi oyambawo ndi foni n'kuwaika pa tsamba limene anatsegula, pamodzi ndi pempho. Anthu anayankha kuposa mmene awiriwa ankayembekezera. Ana asukulu amene anali kungokhala pakhomo, aphunzitsi, anamwino, onse analemba. Achinyamata a mipingo iwiriyi anadzipereka kukapereka. Pofuna kuti zioneke bwino, Ruvarashe anagula maenvelopu oyera n'kumata lililonse mwa makhadiwo m'kati, ndipo anauza anzake kuti, poopa matenda, azingolowetsa kunsi kwa chitseko n'kuchoka. Agogo ake sanawauze, chifukwa sanaone chofunika kuwauza.

Loweruka lina mu Ogasiti 2020, cha m'mawa, mayi wina anathamangira kwa Amayi Kamwendo kukanena kuti kwa a Mabvuto Zuze kwagwa maliro. A Zuze anali nkhalamba yochokera ku Angonia, yopuma ntchito ya mgodi, yosadziwa kuwerenga, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Shamiso, ankagwira ntchito ku Cape Town. Kalata yomaliza imene a Zuze analandira inali ya mu 1987, yonena kuti amayi awo aphedwa pankhondo, ndipo amene anawawerengera anali Amayi Kamwendo omwewa. M'mawa umenewo anadzuka n'kupeza envelopu yoyera, yomata, pansi pa chitseko. Sanaitsegule. Anaiika patebulo, anavala jekete, n'kuyamba kutulutsa mipando ndi bedi panja kuti olira apeze malo. Oyandikana nawo ataona katundu panja sanafunse zambiri. Pamene Amayi Kamwendo ankafika, nsalu ili kukamwa, azimayi anali atayamba kale kulira ndipo wina anali atakoleza chikuni pabwalo.

Amayi Kamwendo anapempha madzi, anawapatsa a Zuze, anakhala pansi, n'kutsegula. M'katimo munali maluwa ojambulidwa ndi makrayoni, vesi la m'Miyambo lonena za uthenga wabwino wochokera kutali, ndi moni wochokera kwa mtsikana wina wa Fomu 2 wa ku Aerodrome, amene ankafunsa ngati sekuru, ndiye kuti agogo, akudya bwino. Anawerenga zonse mpaka dzina.

"Ndiye palibe wafa?" anafunsa a Zuze.

"Palibe, achimwene."

"Nanga walemberanji?"

Amayi Kamwendo anati walemba kuti awapatse moni basi. Nkhalambayo inayang'ana khadilo mbali zonse ziwiri, inayang'ana bedi lake lili padzuwa, n'kunena kuti ana a masiku ano akufuna kupha anthu. Azimayi olira aja anayamba kuseka misozi ikadali m'masaya. Kenako a Zuze anabweza khadilo n'kuti, "Tawerenganinso, achemwali. Poyamba paja sindimamva, ndimadikira dzina la womwalira."

Ruvarashe atamva anachita manyazi kwambiri ndipo anafuna kutseka tsambalo tsiku lomwelo. Agogo ake anamuletsa. Anamufotokozera za amuna ovula zipewa a ku komboni, zimene mtsikanayo anali asanamvepo, ndipo madzulo amenewo anagwirizana kayendetsedwe kamene gululi likutsatirabe mpaka lero. Khadi silimatidwa. Kunja kwake kumalembedwa mawu atatu aja m'zilembo zikuluzikulu, ndipo tsambalo linatchedwa dzina lomwelo. Khadi sililowetsedwa kunsi kwa chitseko kapena kusiyidwa kwa woyandikana naye: wolitenga amagogoda, amakhala pansi, ngakhale pataliko, amawerenga mokweza, ndipo amalemba yankho ngati mwini wake akufuna. Ndipo maliro salembedwa pa khadi kapena pa tsambalo. Pa mfundo imeneyi Amayi Kamwendo sankagonja. "Maliro amanenedwa pakamwa," ankatero, "ndi munthu amene wakhala pansi."

Mliri unatha koma ntchito sinathe. Bokosi linaikidwa m'chipinda cha kumbuyo kwa tchalitchi. Madalaivala a makombi ankanyamula makhadi a ku Chiwaridzo ndi a kumafamu. Ana a Bindura okhala kunja anayamba kutumiza awo pa positi kapena pa mabasi. Ena ankafuna kungotumiza mawu pa foni kuti Ruvarashe awasindikize pa makina, koma agogo ake ankakana, ponena kuti dzanja la munthu limadziwika ngati mawu ake, ndipo nkhalamba ngakhale yosawerenga imazindikira kuti apa mwana wanga anatsindika bolopeni. Shamiso anaona chithunzi cha bambo ake atanyamula khadi la maluwa lija, ndipo kuyambira Khirisimasi ya chaka chimenecho wakhala akulemba yekha. A Zuze makhadi awo amawakhomerera pakhoma ndi minga ya mthethe.

Sikuti onse anakondwa. Mkulu wa mpingo wina ananena pa msonkhano kuti okalamba akusowa chakudya, osati mapepala. Amayi Kamwendo anavomera kuti ndi zoona, n'kumupempha kuti iye azinyamula ufa, iwo azinyamula pepala, ayendere limodzi. Anayenda nawo kawiri, n'kudandaula kuti mayiwa amayenda ngati akuthamangitsidwa.

Chaka chilichonse mu Juni, mwezi umene Justice anabadwa, ankalemba khadi limodzi lowonjezera. Linalibe adiresi. Ruvarashe ankalijambula n'kuliika pa tsamba pakati pa enawo, lenilenilo n'kulowa m'chitini cha mabisiketi. Mawu ake sankasintha kwenikweni: kuti mwana wake wakula, kuti chipinda ndi chomwe chija, kuti asadikire kupeza kanthu. Madzulo aliwonse mdzukulu wawo akaweruka ku ntchito, ankamufunsa ngati pa kagalasi palankhula munthu wachilendo. Achilendo ankalankhula ambiri, koma osati amene iwo ankamufuna. Akamva yankho ankadzuka n'kupeza chochita.

Mu 2024 miyendo inayamba kutupa ndipo ku chipatala anati ndi mtima. Anauzidwa kuti apume. Anachepetsa maulendo a kombi, koma m'misewu ya Chipadze ankaonekabe, akuima pa geti lililonse lachitatu kuti apeze mpweya, thumba la makhadi lili m'khwapa.

Mu Januwale 2025 mayi wina dzina lake Netsai, wokulira ku Chiwaridzo koma wokhala ku Rustenburg, m'dziko la Joni, analemba pansi pa chithunzi cha khadi la Juni. Anati pafupi ndi pamene amagulitsa pali bambo wosoka nsapato, wa chipsera pa nsidze, amene anthu amamutcha Justice, ndipo amaimba nyimbo za Chichewa akamasoka. Anati salankhula za kwawo ndipo sanamuonepo ndi foni. Ruvarashe anafuna kuti Netsai apite pomwepo akamuike foni kukhutu. Agogo ake, amene anali atadikira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anakana. Anati munthu wamanyazi ukamudzidzimutsa amasamuka, ndipo pa foni angangomva kulira kwawo n'kuganiza kuti akumuimba mlandu. Khadi akhoza kuliwerenga, kulipinda, n'kudzaliwerenganso mawa. Anapempha Netsai kuti asanene kanthu, ndipo anaitanitsa a Chrispen Mkandawire, a m'kwaya ya mpingo uno, amene amayendetsa thiraki yodutsa njira imeneyo. Ulendo wawo wotsatira wa kumeneko unali wa kumapeto kwa Marichi.

Masabata amenewo anali ovuta. Thupi linawagoneka koma mtima unali pamsewu. Ankafunsa za mvula ya ku malire a Beitbridge, za matayala a thiraki, ngati a Chrispen sangapemphe kunyamuka msanga. Khadilo analilemba katatu, chifukwa dzanja linkanjenjemera ndipo sankafuna kuti mwana wawo aone kunjenjemerako. Lachitatulo linatuluka bwino. Kunja analemba mawu awo a masiku onse.

Lamulungu pa 9 Marichi abusa anawabweretsera Mgonero kunyumba. A Chrispen analipo, ndipo Amayi Kamwendo anawapatsa khadilo pamaso pa onse. Ruvarashe anafunsa, m'Chichewa chake chochepa, chimene achite ngati zinthu zitasintha thiraki isananyamuke. Agogo ake anamumvetsa. Anati pa khadipo pasawonjezedwe kanthu ndipo pasafufutidwe kanthu. Anatembenukira kwa a Chrispen n'kuti, "Mukamukhazike pansi, mumuwerengere lonse, alimve kuti ndi la mayi ake. Zinazo mukanene pakamwa, pambuyo pake."

Lachiwiri m'mawa anapempha kuti awakhazike pampando pafupi ndi khomo lotsegula, kuti aziona msewu. Anamwa tiyi pang'ono. Ruvarashe anawaimbira nyimbo ya ku Chigwirizano imene ankaidziwa theka, iwo n'kumamukonza mawu. Anagona tulo ali pampando pomwepo, ndipo sanadzuke. Azimayi amene anabwera kudzawasambitsa ananena kuti aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi osayang'ana kumene kuli nsapato zawo.

Pa maliro panabwera anthu a mipingo yambiri, ndi okalamba amene ena mwa iwo anachita kunyamulidwa. A Zuze anabwera ndi khadi la maluwa lija m'thumba la jekete. Pa tsamba la Fesibuku sipanalembedwe za imfayi, monga mwa lamulo lawo. Ruvarashe anangoika maina a okalamba oyembekezera makhadi a Isitala, ndipo makhadiwo anabwera.

Akuluakulu ena a mpingo anaona kuti si bwino kutumiza khadi lonena kuti kuno kuli bwino pamene wolemba wake ali m'manda, ndipo anati aonjezerepo mzere umodzi. A Chrispen anayankha kuti iwo anatumidwa ndi mwini wake, ndipo sangasinthe uthenga wa munthu amene sangamufunsenso. Abusa anagwirizana nawo.

A Chrispen anafika ku Rustenburg pa 2 Epulo. Netsai anawatsogolera pamalopo, ndipo anapeza tebulo la nsapato litatembenuzidwa. Ogulitsa a pafupi anati mwini wake anachoka sabata yapitayo ndi lole ya anthu okathyola malalanje ku Limpopo, ndipo amachita zimenezi chaka ndi chaka. Zaka zina amabwerera nyengo ikatha, zina ayi. Netsai anapempha kuti amusiyire khadilo adzapereke. A Chrispen anathokoza, koma anakana, chifukwa khadi silisiyidwa kwa woyandikana naye.

Adutsakonso kawiri, mu Julaye ndi mu Okutobala. Tebulo likadali potembenuzidwa, ndipo palibe amene walitenga. Khadilo lili m'Baibulo limene amayenda nalo m'thiraki. Ngati bambo wosoka nsapatoyo ndi Justice Kamwendo, ndiponso ngati akudziwa kuti amayi ake anamwalira, mpaka pano sizikudziwika. Ulendo wotsatira wa a Chrispen ndi wa mu Januwale.